Katoni Yogawidwa Katatu

"Zimitsa simbiyo undiyang'ane kuno. Wandipaka kufiira ndani?"

Injiniya sanazimitse. Anapitiriza kusita kolala ya shati yake yoyera ngati kuti akuyankhulawo si mayi ake koma wailesi ya kwa aneba. Dzina la Injiniya anamupatsa ndi anthu a mumsewu wawo atangobwerako ku sukulu ya makompyuta, ndipo kuyambira pamenepo mayi ake nawo anasanduka Amake Injiniya. Poyamba dzinalo ankalinyadira. M'mawa umenewo linkawawa kukhosi ngati piritsi lokana kumezeka.

Nkhani anaimva kwa Amake Mapasa, mnzawo wa ku bungwe losamalira odwala m'makomo. Akuti mu ofesi apachika chikanema chachikulu pakhoma, pali mayina onse a mavolontiya, lililonse ndi kadontho pambali, ena kobiriwira, ena kofiira. Amake Mapasa sadziwa kuwerenga, koma mlonda anawawerengera. Amayi onse asanu ndi awiri amene amayenda m'makomo kusamalira odwala osadzuka ali ofiira. Ndipo wopanga chinthucho ndi mnyamata yemweyu wositayu.

Injiniya anafotokoza pang'onopang'ono, mmene amachitira munthu amene wakuona kale kuti ndiwe mbuli. Chinthucho, akuti, ndi bolodi loyendetsera bungwe. Lili ndi zigawo zitatu: cha katundu wolowa ndi wogawidwa, cha zochitika, ndi cha mavolontiya. Opereka thandizo a kutsidya kwa nyanja amalitsegula ali kwawo n'kuona zonse. Volontiya akapita ku chochitika n'kujambulidwa, dzina lake limabiriwira. Akapanda kuoneka mwezi wathunthu limafiira, ndipo ayenera kubweza chikwama.

"Chochitika n'chiyani?"

"Pamene pasonkhana anthu, pakoledwa chinsalu cha bungwe, pajambulidwa zithunzi."

"Ndikamatembenuza Atelala katatu pa tsiku, si chochitika?"

"Chigawo cha zimenezo palibe, Amayi."

"Anaiwala kuchiika ndani?"

"Bwana anati zigawo zikhale zitatu basi. Zikachuluka anthu amasokonezeka."

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndikupukuta akuluakulu a eni ake, iwe wandimaliza ndi kadontho kamodzi ngati chitosi cha ntchentche. Sukulu yonse ija ndinagulitsira mbuzi, unaphunzira kuwerenga mpaka pa zitatu?"

Mnyamatayo anavala shati, nanyamula laputopu yake, n'kutuluka osamwa tiyi.

Chikwama chimene ankanenacho chinkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, chabuluu, zipi wake womanga ndi waya. Munkakhala magolovesi, sopo, mabandeji, mankhwala opaka, kabotolo ka jivi, mankhwala a zilonda othimbiriza ngati inki, ndi khadi lokatengera zina zikatha. Popanda chikwamacho Amake Injiniya akanatsala ndi manja okha, ndipo manja okha sapoletsa chilonda. Atelala, a nyumba yachitatu kuchokera pawo, anafa ziwalo mbali imodzi zaka zisanu zapitazo. Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito kophika buledi, amachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, kiyi amasiya pansi pa njerwa. Munthu wotere ukamusiya agonere mbali imodzi tsiku lonse, khungu limayamba kuwola pa fupa. Amake Injiniya anaonapo misana yotero. Wa Atelala, zaka zonsezo, unalibe ngakhale kachilonda kamodzi.

Atawatembenuza m'mawa umenewo, anangolunjika ku ofesi.

Chikanemacho chinalidi chachikulu, choposa chitseko cha chimbudzi chawo. Mizere inkakwera ngati masitepe, manambala akuphethira. Mkulu wa bungwe, amene aliyense ankamutchula Bwana Mafungulo chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake, anawalandira ndi kumwetulira kwa munthu wogulitsa nsapato zobooka. Anawaonetsa dzina la pamwamba penipeni, lobiriwira, lokhala ndi kanyenyezi. Linali la mlamu wake, mayi wa zikhadabo zitalizitali zopaka utoto, amene golovesi sangalowe m'dzanja lake osang'ambika. Ameneyo akuti ndiye volontiya wakhama, wapezeka pa zochitika makumi anayi.

Amake Injiniya anafunsa kuti mayiyo anasambitsapo ndani. Bwana anati funsolo si la pa bolodi. Anati nkhani ndi yapafupi: mwezi usanathe kuli zochitika zitatu, akapezeke konse, dzina libiriwira, chikwama n'chawo.

"Ndipita kumodzi."

"Kutatu, mayi."

"Kuwiri, koma dzuwa likafika pamutu ndizinyamuka. Ndili ndi munthu wotembenuza."

"Kuno si kumsika, mayi. Ndi kompyuta sanenerera."

Pakona panakhala Injiniya, mphuno ili mu laputopu. Bwana anamufunsa ngati mayi ovutawa akuwadziwa. Mnyamatayo, maso ali pomwepo, anati amawaona mumsewu wakwawo.

Amake Injiniya anamutembenukira. Anayang'ana kolala imene anachapa okha dzulo lake ndi sopo wawo. Kenaka anakoleka chikwama paphewa n'kutuluka.

Atelala anaseka atamva, kuseka kwawo kwa mbali imodzi ya pakamwa. Bedi lawo linali pafupi ndi makina osokera amene anafundidwa nsalu kuyambira tsiku limene anagwa. Anati apite akaombe m'manja, iwo akhala phee ngati thalauza loyembekezera mwini wake. Wina wowasiyira panalibe, pakuti amayi onse asanu ndi awiri anali ofiira, onse ankafunika ku zochitika zomwezo, ndipo odwala awo onse ankatsala chimodzimodzi.

Chochitika choyamba chinali cha kusamba m'manja. Taganizani, kuitana amayi amene amasamba m'manja kakhumi dzuwa lisanakwere, kuti aphunzitsidwe ndi mlamu wa zikhadabo. Anafika m'mawa, anawakhazika pabwalo la sukulu, anawaveka matisheti oyera, n'kuyamba kudikira mlendo wolemekezeka amene anafika dzuwa litapendeka. Kutsogolo anasanja makatoni a magolovesi ndi mabandeji makumi awiri ndi imodzi. Mayi aliyense ankaitanidwa, kugwira katoni mbali imodzi, mlendo mbali ina, kumwetulira, chithunzi. Ukangotembenuka mlonda wakulanda katoni, waiponya m'galimoto. Akuti akagawa bwino ku ofesi. Pachipata anawavulanso matisheti aja, kuwawerenga, kuwapinda.

M'mawa wa tsikulo, pothamanga, Amake Injiniya anali atadzitayira jivi m'dzanja, ndipo ndi thukuta la padzuwa chala chawo chachikulu chinasiya chidindo pakona ya katoni imene anagwira. Sanaganizepo kanthu. Mtima unali kwa Atelala. Anawapeza atagonera kumanzere maola asanu ndi anayi, pachiuno pali chigamba chofiira chosafuna kuchoka ngakhale uchisisite.

Sabata yotsatira kunali chochitika cha kuyenda pamsewu ndi zikwangwani. Anayenda kuchokera pa mlatho kukafika pabwalo la mpira, akuimba mawu amene anapatsidwa, galimoto ya Bwana ikubwera pambuyo mawindo atatseka. Pabwalo anapeza makatoni atasanjidwa kale. Ataitanidwa, anangoti kugwira, n'kuona chala chawo chomwe chikuwayang'ana pakona. Katoni yomweyo. Anamwetulira monga anauzidwira, koma podikira kuti mlonda afike anatsegula kabotolo m'chikwama, nanyowetsa chala, n'kudinda kachiwiri pambali pa choyamba.

Tsiku limenelo khungu la Atelala linatseguka. Kachilonda kake kanali kochepa, ngati batani la jekete, anatero eni ake atawauza. Sanaseke.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chachitatu chichitike, Amake Injiniya anaima pakhomo la chipinda cha mwana wawo. Za ku ofesi zija sanayambe nazo. Anati kuchokera ku ofesi kufika kwa Atelala ndi mtunda wosathera ndudu imodzi.

"Sindikuti ukawasambitse. Masana, nthawi ya chakudya, utenge kiyi pansi pa njerwa. Dzanja limodzi paphewa, lina pachiuno, uwakokere kwa iwe, uike pilo kumbuyo. Basi. Ukachita zimenezo, zoti umandiona mumsewu ndiziiwala."

Injiniya anavomera msangamsanga, mmene amavomerera munthu wofuna kuti umuchoke pakhomo.

Chachitatu chinali cha kubzala mitengo. Mitengo inali isanu, ojambula atatu. Makatoni anabweranso, ndipo katoni ija inalandira chidindo chachitatu. Amake Injiniya anakhala tsiku lonse mtima uli m'malo, akudziuza kuti mwanayo ndi wopusa koma si woipa.

Madzulo anapeza kiyi ili pansi pa njerwa momwe anaisiyira, nyerere zitamangapo kale kanjira. Atatsegula, pabedi panalibe munthu. Atelala anali pansi, pakati pa bedi ndi makina. Ululu utawakulira anagwira mwendo wa makina ndi dzanja lamoyo lija kuti adzitembenuze okha, n'kutsetsereka. Anagona pa simenti kuyambira masana, atadziipitsira, chilonda chitang'ambika kukula ngati chikhatho. Mawu oyamba amene ananena anali opepesa chifukwa cha fungo.

Namwino wa pa kachipatala atabwera anati chilondacho chizitsukidwa katatu pa tsiku, ndi magolovesi atsopano nthawi iliyonse, apo ayi chilowa m'magazi. M'chikwama munatsala magolovesi anayi ndi bandeji imodzi.

Injiniya anati Bwana anamugwira. Kukubwera mlendo wa kutsidya kwa nyanja, mwini thandizo weniweni, ndiye mtundu wobiriwira unkafunika kuwalitsa pang'ono. Anati anakumbukira, koma nthawi inali itapita. Anawonjezera, ngati wabweretsa mphatso, kuti dzina lawo tsopano labiriwira. Amayi ake sanamutukwane. Anamuikira chakudya patebulo, iwo n'kukadyera kukhitchini.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ndi khadi lawo. Bwana Mafungulo anawayamikira kwambiri chifukwa cha kusintha khalidwe. Za magolovesi anati pepani, atha. Anawalozera pa chikanema: makatoni makumi asanu ndi limodzi kudza atatu agawidwa kwa mavolontiya mwezi uno wokha, m'nyumba yosungira katundu mulibe kanthu. Ankanena izi makiyi a nyumbayo akulira m'chiuno mwake. Aliyense mumsewumo ankadziwa kuti sitolo ya mankhwala ya mlamu uja siisowa magolovesi, koma zimenezonso si za pa bolodi.

"Ndiye kuti kompyuta ikuti anatipatsa?"

"Mwaona nokha, mayi."

"Chabwino. Mlendo akubwera liti?"

Masiku atatu otsatira anachapa magolovesi anayi aja ndi madzi otentha, kuwayanika pa chingwe ngati zovala za khanda, kuwavalanso mpaka awiri anabooka. Pakati pa ntchito anayenda nyumba zisanu ndi imodzi za anzawo. Anawauza kuti tsiku la mlendo aliyense abwere ndi nsalu yolimba yomangira katundu, ndipo akaona iwo anyamuka, nawo anyamuke.

Tsikulo ofesi anaikolopa mpaka kununkhira ngati chipatala cha olemera. Makatoni aja anawasanjanso pakhonde, kuyembekezera chithunzi chachinayi. Mlendo anali mayi wamtali wa chipewa chachikulu, ali ndi womasulira wakewake. Anaima patsogolo pa chikanema akugwedeza mutu, Injiniya akudina apa ndi apo, mizere ikukwera, mayina onse ali biriwiri ngati dimba. Kenaka mlendo anafunsa, kudzera mwa womasulira, ngati mavolontiya ali ndi mawu. Bwana anatembenukira kwa mlamu wake, amene anali ataloweza kale zonena.

Amake Injiniya anali ataimirira kale. Anatuluka pakhonde, nafunafuna, n'kubwera ndi katoni ya zidindo zitatu. Anaiika patebulo, pamwamba pa mapepala a Bwana.

"Iwe, mwana wanga. Inde bwana, ndi wanga uyu, ndinamubereka ndine, sindimangomuona mumsewu. Tawerenga mokweza, mlendo amve. Bolodi lako likuti makatoni a mwezi uno ali kuti?"

Injiniya anayang'ana Bwana. Bwana anayang'ana mlendo. Womasulira anali atayamba kale kunong'oneza.

"Agawidwa kwa mavolontiya," anatero mnyamatayo, mawu ali pansi.

"M'nyumba yosungira mwatsala angati?"

"Mulibe."

"Ndiye ali pakhondewo si a bungwe. Bungwe lilibe kanthu, mwamva nonse. Ndi athu, tinangowasungitsa. Iyi anandipatsa katatu, zala zanga ndi izi. Tikati tiwerengetse bwino aliyense atenga asanu ndi anayi, koma ine si munthu wovuta, bwana, ndakuchotserani. Atatu atatu."

Bwana Mafungulo anayandikira, akumwetulirabe chifukwa cha mlendo, n'kunena chapansipansi kuti akhale pansi akambirana bwino mawa, mwina katoni imodzi ipezeka.

"Mukufuna muwauze mayiwa kuti chikanema chawo chimanama? Auzeni, womasulira ndi uyu. Apo ayi, paja munanena nokha. Ndi kompyuta sanenerera."

Makiyi anasiya kulira. Amayi asanu ndi mmodzi anali kale pakhonde, akuyala nsalu zawo, akumanga. Mlonda anasuntha phazi limodzi, n'kuona kuti palibe womulamula, n'kubwerera pampando wake.

Ndiye muone mmene anthuwa alili. Bwana anangoti kutembenuka, n'kuyamba kuomba m'manja. Anauza mlendo kuti uku ndiye kugawa kwa lero, amayi athuwa ndi achangu, sadikira n'kuitanidwa komwe. Wojambula anathamangira pakhonde. Mlamu wa zikhadabo anagwira kona ya katoni ya Amake Mapasa kuti naye alowe m'chithunzi, ndipo Amake Mapasa anamuponda chala chaphazi osapepesa. Mlendo anayang'ana zidindo zitatu zija, anayang'ana womasulira wake, analemba kanthu m'kabuku, kenaka naye anaomba m'manja. Kaya anamva, kaya sanafune kumva, galimoto yake inali italiza kale injini.

Amake Injiniya anasenza katoni ya zidindo. Awiri enawo anawaloza ndi chibwano.

"Nyamula."

"Amayi, ndili pa ntchito."

"Nyamula, nanenso ndili pa ntchito."

Bwana anamuuza mnyamatayo, mano ali pamodzi, kuti akatuluka pakhomopo aganize bwino za mawa, ndipo mayi akewo mwezi wamawa aona mtundu wa dzina lawo. Amake Injiniya anati alipake mtundu uliwonse umene akonda, ngakhale wa zikhadabo za mlamu wake, magolovesi a miyezi isanu ali pamutu.

Injiniya anaima pakati pa chikanema ndi chitseko. Kenaka anatseka laputopu, nanyamula makatoni awiriwo pachifuwa, fumbi lake likudetsa shati. Anayenda pambuyo pa amayi ake msewu wonse, anthu a m'mashopu akutuluka kudzaonerera. Wokonza njinga anafunsa ngati masiku ano mainjiniya ayamba ganyu yonyamula katundu.

M'chipinda cha Atelala fungo linamumenya pakhomo pomwe, anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Amayi ake anang'amba katoni, natulutsa magolovesi, n'kumuponyera awiri. Atelala anamuyang'ana ndi diso lawo lakuthwa la munthu wosoka, kuyambira kukolala mpaka kumanja, n'kunena kuti shatiyo anasoka ndi munthu waulesi, mapewa sakufanana, koma popeza yada kale palibe chodandaulitsa.

Injiniya anavala magolovesi movutikira, chala china chikulowa malo a chinzake. Ataona chilondacho maso anathawira kuchitseko.

"Dzanja limodzi paphewa, lina pachiuno," anatero amayi ake, akutsegula kabotolo ka jivi. "Usayang'ane kukhomo, kulibe wojambula akubwera. Koka."